Kumeta Ndevu ndi Lumo Lopinda: Malangizo kwa Amene Akuyamba Kumene

Lumo lopinda, lija la chitsulo chimodzi chakuthwa chimene chimabisala m'chogwirira chake mukalipinda, ndilo linali chida chachikulu chometera ndevu ku Ulaya ndi ku America mpaka pamene kampani ya King C. Gillette inayamba kugulitsa malumo a malezala ochita kusintha mu 1903. Ngakhale kuti anthu ambiri analisiya kuyambira nthawi imeneyo, makampani monga Dovo ndi Böker a mumzinda wa Solingen ku Germany, komanso Thiers-Issard ya ku Thiers ku France, akulipangabe mpaka lero, ndipo munthu amene amalisamala amatha kumetera lumo limodzi kwa zaka makumi angapo osagula lina. Chimene chimavutitsa oyamba kumene ndi chizolowezi cha dzanja lawo. Lumo la pulasitiki la m'golosale lili ndi chotchinga chimene chimakusankhirani kapendekedwe ka lezala, kotero kuti mumatha kukanikiza mmene mungafunire osavulala kwenikweni. Lumo lopinda lilibe chotchinga chilichonse, ndipo kapendekedwe kake ndi kulemera kwake pakhungu zimachokera m'dzanja lanu basi. Malangizo onse ali m'munsimu cholinga chake ndi kuphunzitsa dzanjalo kuti lileke kukanikiza.

Kusankha lumo ndi kuliyesa

Malumo opinda alipo a mitundu iwiri. Loyamba ndi lotchedwa shavette, limene ometa ambiri amagwiritsa ntchito pokonza m'mphepete mwa tsitsi ndi ndevu: amathyola lezala wamba pakati likadali m'kapepala kake, n'kulowetsa theka lake m'chitsulo chopanira. Lumo lotere ndi lotchipa ndipo silifuna kunola, koma ngodya za lezalalo zimakhala zakuthwa kwambiri moti kulakwitsa pang'ono pokha kumatulutsa magazi. Lachiwiri ndi lumo lenileni la chitsulo chimodzi, limene limafuna lamba wachikopa tsiku lililonse lometa ndiponso mwala wonolera pakapita miyezi. Ine ndimaona kuti lachiwirili ndilo labwino pophunzirira, chifukwa ndi lolemerako ndipo limakhazikika pakhungu, koma amene ali ndi shavette asadandaule, popeza kagwiridwe ndi kayendetsedwe kake n'chimodzimodzi.

Ngati mukugula lumo lenileni, funani la m'lifupi mwa 5/8 ya inchi, amene ndi mamilimita pafupifupi 16, ndipo nsonga yake ikhale yobulungira. Nsonga ya ngodya imathandiza akatswiri polemba mizere ya ndevu, koma kwa woyamba kumene ndiyo imaboola khutu ndi m'mbali mwa mphuno. Malumo akale a ku Sheffield ku England amapezekabe kwa ogulitsa zinthu zakale, ndipo ambiri chitsulo chake n'chabwino, komabe muyang'anitsitse mbali yakuthwa pamalo owala: ngati yabenthuka, yang'aluka kapena yadyedwa ndi dzimbiri, lisiyeni.

Musaganize kuti lumo latsopano ndiye kuti lanoledwa mokwanira, chifukwa ambiri amachoka kufakitale asanafike pometera nkhope. Kuti muliyese, liyendetseni pang'onopang'ono pamwamba pa ubweya wa pamkono osakhudza khungu. Lakuthwa bwino limakola ubweyawo ndi kuudula uli chiimire, pamene lobuntha limangougoneka n'kudutsa. Musayese ndi chala kapena podula pepala, chifukwa mbali yakuthwa ya lumo ndi yopyapyala kwambiri ndipo pepala limaiwononga. Lumo lobuntha ndilo loopsa kwambiri, popeza limakoka ndevu, ndipo ndevu zikakokeka dzanja limayamba kukanikiza lokha mwiniwake asakudziwa.

Pali anthu ena amene sayenera kumeta ndi lumo lotere asanafunse dokotala, makamaka amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, ndiponso amene manja awo amanjenjemera.

Kupukuta lumo pa lamba

Musananyowetse nkhope, yambani ndi lamba wachikopa. Lambayu sanola chitsulo monga umachitira mwala. Ntchito yake ndi kuwongola mbali yakuthwa imene imapindika pang'ono, mosaoneka ndi maso, nthawi iliyonse mukameta. Kolekani lamba pachinthu cholimba, monga chitsulo cha pawindo, ndipo mumukoke ndi dzanja limodzi kuti akungike bwino. Gonekani lumo chafulati kuti msana wake ndi mbali yakuthwa zonse zikhudze chikopa, kenako likokeni msana uli patsogolo, kukuthwa kukutsatira m'mbuyo. Mukafika kumapeto, litembenuzireni pa msana wake, msanawo osachoka pachikopa, n'kubwerera. Mukalitembenuzira kukuthwa, mudzacheka lamba ndipo lumo lidzabuntha nthawi yomweyo. Kupita ndi kubwera ka 40 kapena ka 50 n'kokwanira, ndipo liwiro lilibe phindu pano. Ometa amene munawaona akuthamangitsa lumo pa lamba anayamba mwapang'onopang'ono. Ndi nzeru kuyamba mwayeserera ndi mpeni wobuntha wa patebulo kwa masiku angapo kuti zala zizolowere katembenuzidwe kake. Lamba wa thalauza wokhala ndi ulusi wosokera kapena zokongoletsa sayenera ntchito imeneyi, chifukwa chikopa chiyenera kukhala chosalala paliponse. Shavette safuna lamba; mumangoika theka la lezala latsopano.

Kudziwa kumene ndevu zaloza

Ambiri amalumpha gawo ili, koma ndi limene limasiyanitsa wometa bwino ndi wongodzipala. Siyani ndevu zikule kwa masiku awiri kapena atatu, kenako imani pagalasi ndi kuyendetsa zala pankhope mbali zonse. Kumene chala chikuyenda mosalala ndiko ndevu zaloza, ndipo kumene chikukhakhala ndiko kutsutsana nazo. Pamasaya, ndevu za anthu ambiri zimaloza pansi. Pakhosi zinthu zimasokonekera: zina zimaloza m'mbali, zina m'mwamba, ndipo pena zimazungulira pamalo amodzi, mwinanso mbali ya kumanja kusiyana ndi ya kumanzere. Ngati ndevu zanu n'zopotana kwambiri, ziyang'aneni zikadali zazifupi, chifukwa zikatalika zimapiringizika ndipo simungaone kumene zatulukira. Mungathe kujambula nkhope papepala ndi kulembapo timivi toloza kumene ndevu zikupita, n'kumata pepalalo pambali pa galasi.

Kufewetsa ndevu ndi kupanga thovu

Ndevu zouma n'zolimba kwambiri, koma zikamwa madzi kwa mphindi zitatu kapena kuposerapo zimafewa ndipo lumo limazidula mosavuta. N'chifukwa chake nthawi yabwino yometa ndi mukangomaliza kusamba madzi ofunda. Ngati simukusamba, sambani kumaso ndi sopo kuti muchotse mafuta, kenako viikani thawulo m'madzi otentha pang'ono, lifinyeni, n'kulifunditsa pandevu mpaka litazizira, ndipo muchite zimenezi kawiri.

Thovu la lumo lopinda liyenera kukhala lonyowa ndi loterera kuposa limene ambiri anazolowera. Nyowetsani burashi, ikutumuleni pang'ono, ipakeni pa sopo wometera kwa theka la mphindi, kenako muzungulize pandevu uku mukuonjezera madzi pang'onopang'ono ndi nsonga za burashiyo. Thovu labwino limanyezimira ndipo silioneka timabowo ta mpweya. Likakhala louma ndi lofufuma, lumo limakakamira n'kumadumphadumpha. Popeza woyamba kumene amachedwa, thovu limauma iye asanafike mbali yachiwiri, choncho pakani pamalo amene mukufuna kumeta panthawiyo pokha, ndipo likayamba kuuma mupakenso. Sopo wochapira zovala amaumitsa khungu ndipo thovu lake silichedwa kuphwa. Mukamaliza kupaka, pukutani manja kuti aume, chifukwa lumo logwiridwa ndi zala za sopo limapulumuka. Likapulumuka, musayese kuliwakha. Bwererani m'mbuyo, lisiyeni ligwe.

Kagwiridwe ndi kapendekedwe

Tsegulani lumo mpaka chogwirira chitadutsa mzere wa chitsulo n'kuloza m'mwamba. Pakati pa chitsulo chakuthwa ndi msomali wolumikizira pali kakhosi kosathwa, ndipo apo ndi pamene mumagwira. Chala chachikulu chikhale pansi pa kakhosiko, zala zitatu zotsatira zikhale pamwamba pake, chogwirira chituluke pakati pa chala chachinayi ndi chaching'ono, ndipo chaching'onocho chitsamire pa kamchira kopindika ka kumapeto. Gwirani mokhazikika koma osafinya, chifukwa zala zolimba sizimva mmene lumo likuyendera pakhungu.

Tsopano pafika penipeni pa nkhaniyi. Malangizo ambiri amanena kuti lumo lipendekeke madigiri pafupifupi 30 kuchokera pakhungu, koma palibe amene angayeze madigiri ali pagalasi ndi thovu kumaso. Njira yosavuta ndi iyi: gonekani lumo lonse patsaya, msana wake utakhudza khungu, kenako dzutsani msanawo pang'ono, mpata wolingana ndi kunenepa kwa msana womwewo kamodzi kapena kawiri. Mukaligoneka kwambiri, lumo limangoseseta thovu n'kusiya ndevu. Mukaliimika kwambiri, limapala khungu monga mmene mpeni umapalira mamba a chambo, ndipo nkhope imawotcha tsiku lonse. Pafupifupi oyamba kumene onse amalakwira mbali yoimika, choncho mukakayikira, ligonekeni. Makutu angakuthandizeninso, popeza lumo lopyapyala likamadula bwino limamveka kaphokoso kosalala ka ndevu zikuduka, ndipo phokosolo likasanduka lokhakhala ndiye kuti msana wakwera.

Za kukanikiza, lamulo lake ndi lakuti mulingalire kuti mukuchotsa thovu lokha. Lumo lakuthwa likachotsa thovu, ndevu zimachokera limodzi. Ngati zikutsalira, vuto lili pa kuthwa, pa kapendekedwe kapena pa kufewa kwa ndevu, ndipo kuonjezera mphamvu sikungakonze chilichonse mwa zitatuzi. Chinanso chofunika kuchisunga m'mutu ndi chakuti lumo liziyenda molunjika kumene mbali yakuthwa yayang'ana. Likangoserereka cham'litali, kuchoka kunsonga kupita kuchogwirira, limacheka mnofu ngakhale musanakanikize.

Kumeta koyamba

Pa masiku oyambirira, metani tsaya limodzi lokha, la mbali ya dzanja limene mumagwiritsa ntchito, ndipo kwinako mumalize ndi lumo lanu lakale. Tsaya ndi malo afulati, ooneka bwino pagalasi, ndipo ndi pamene dzanja limaphunzirira popanda mantha. Dzanja linalo lidutse pamwamba pa mutu n'kugwira khungu la pamwamba pa ndevu, pafupi ndi khutu, ndi kulikokera m'mwamba kuti liwongoke. Khungu lamakwinya limaunjikana patsogolo pa lumo, ndipo mabala ambiri amayambira pamenepo. Zala zogwira khungu zizikhala kumbuyo kwa lumo nthawi zonse, ndipo ngati zikuterera, zipakeni pa mwala wonyowa wa alamu (alum, mwala woyera umene ometa amapaka pakhungu akamaliza kumeta) kuti zigwire.

Tsitsani lumo motsatira kumene ndevu zaloza, pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu nthawi imodzi, kenako linyamuleni, sunthani zala zogwira khungu, n'kuyambanso. Musaimitse lumo pakhungu uku mukuganiza chochita, chifukwa lumo loima limalowa. Mukafuna kuganiza, lichotseni kaye. Pukutani thovu pa thawulo louma kuchokera kumsana kupita kukuthwa, kapena tsukani pamadzi mosamala kuti chitsulo chisagunde mpope kapena beseni, popeza kugunda kamodzi kokha kumabenthula lumo.

Tsaya loyamba likayamba kutheka popanda kuwotcha, onjezerani lachiwiri. Apa pali njira ziwiri: kusintha dzanja, kapena kudutsitsa dzanja lomwelo patsogolo pa nkhope. Ine ndimalimbikitsa kuphunzitsa dzanja lachiwiri kuyambira pachiyambi, pamene manja onse awiri ali osadziwa mofanana, chifukwa mukachedwa dzanja lozolowera silifunanso kusiyira linzake, ndipo kudutsitsa mkono kumatchinga galasi.

Nsagwada, khosi, chibwano ndi mlomo

Pamzere wa nsagwada musalimbane ndi fupa. Kokerani khungu la patsaya m'mwamba mpaka ndevu zimene zinali pafupapo zitakwera pamalo afulati, muzimetere pamenepo, ndipo mukalisiya khungulo lidzabwerera pamalo pake litametedwa kale. Pakhosi, kwezani chibwano, gwirani khungu cha m'munsi, ndipo mutsatire timivi ta papepala lija m'malo mongotsitsa lumo. Khungu la pakhosi ndi lofewa kuposa la patsaya, choncho lumo ligone kwambiri ndipo dzanja lipepuke koposa. Pa fupa la kholingo, kankhirani khungu kumbali imodzi, metani, kenako kumbali inayo. Lumo lisakwere pamwamba pa fupalo.

Chibwano ndicho chimatenga nthawi yaitali kuchizolowera, chifukwa ndevu zake n'zolimba ndipo malo ake ndi obulungira, kutanthauza kuti kapendekedwe ka lumo kamasintha pa sentimita iliyonse. Gwiritsani ntchito pakati pa lumo, liyendetseni pafupipafupi kwambiri, ndipo muzitembenuza dzanja motsatira kubulungira kwa fupa. Pansi pa mlomo, kankhirani khungu kunja ndi lilime kuchokera m'kamwa kuti kadzenje ka pamenepo kafutukuke. Pamwamba pa mlomo, kokerani mlomo pa mano, kwezani nsonga ya mphuno ndi chala, n'kutsitsa lumo mosamala. Pamalo amenewa musamete mokweza m'mwamba, chifukwa lumo likaphonya limakafikira pamphuno. Palibe chochititsa manyazi kumaliza chibwano ndi mlomo ndi lumo la pulasitiki kwa mwezi wathunthu kapena iwiri.

Kubwereza, ndi nkhani ya ndevu zopotana

Akatswiri ambiri amameta katatu: koyamba motsatira ndevu, kachiwiri mopingasa, kachitatu motsutsana nazo, ndipo amapaka thovu latsopano asanayambe ulendo uliwonse. Woyamba kumene akhutire ndi ulendo woyamba wokha kwa masabata angapo, kenako aonjezere wopingasa pamasaya. Lumo lisadutse pakhungu lopanda thovu, ngakhale mutaona kandevu kamodzi kotsalira.

Ulendo wachitatu uja ndi wofunika kuuganizira kawiri, chifukwa amuna ambiri akuda ali ndi ndevu zopotana, ndipo ndevu zoterozo zili ndi vuto limene madokotala amalitcha pseudofolliculitis barbae. Ndevu ikadulidwa mwafupi kwambiri imatsala ndi nsonga yakuthwa, ndipo pokula imapindika n'kubaya khungu, kapena imakulira m'kati osatuluka n'komwe. Thupi limalimbana nayo ngati chitsotso, ndipo zotsatira zake ndi tiziphuphu toyabwa ta pakhosi ndi pansagwada, mawanga akuda, ndipo kwa ena zipsera zotupa zimene sizitha zokha. Apa malangizo awiri amaoneka ngati akutsutsana, popeza lumo lopinda limafuna khungu lowongoka, pamene kukoka khungu mwamphamvu kumatulutsa ndevu kunja kwambiri, ndipo ikadulidwa imabwerera n'kukabisala pansi pa khungu. Chimene muyenera kuchita ndi kuwongola khungu mongochotsa makwinya, osalikunga mpaka kunyezimira, n'kumeta kamodzi motsatira ndevu ndi kulekera pomwepo. Nkhope idzamveka yokhakhala pang'ono mukaisisita mokweza, koma poiona idzakhala yaudongo. Ngati tiziphuphu tatuluka kale, lekani kumeta ndi lumo kwa pafupifupi mwezi umodzi kuti ndevu zikule ndi kudzimasula zokha, muzingozichepetsa ndi makina, ndipo musazizule. Tiziphuphuto tikayamba kutulutsa mafinya kapena kusiya zipsera zotupa, pitani kuchipatala.

Mukadzicheka, ndiponso mukamaliza

Kudzicheka pang'ono kumachitikira aliyense amene akuphunzira. Sambitsani pabalapo ndi madzi ozizira, kanikizani ndi kansalu koyera kwa mphindi zingapo, kenako pakanipo alamu wonyowa, amene amaluma koma amathandiza kuti magazi a kabala kakang'ono aleke msanga. Musadutsitsenso lumo pamenepo mpaka patapola. Bala lakuya loyasama, kapena limene likutulukabe magazi mutakanikiza kwa mphindi 10, likufunika achipatala.

Mukamaliza kumeta, sambani ndi madzi ofunda kuti sopo achoke, kenako ndi ozizira. Mukayendetsa alamu pankhope yonyowa, pamene pakuluma kwambiri ndi pamene munakanikiza kapena kuimika lumo, choncho mudzadziwa pofunika kukonza ulendo wotsatira. Tsukani alamuyo pakapita kamphindi, gusani nkhope ndi thawulo osakhula, n'kudzola mafuta opepuka opanda fungo lamphamvu. Kudzithira sipiriti kumaso, monga amachitira m'malo ena ometera, kumaumitsa khungu limene lametedwa kumene. Siyani tsiku limodzi kapena awiri musanametenso.

Kusamala lumo

Malumo ambiri opinda ndi a chitsulo chimene chimachita dzimbiri msanga, moti dontho limodzi lamadzi lotsalira usiku umodzi limatha kusiya banga. Pukutani chitsulo ndi kansalu kouma, pitirizani kapepala kofewa m'kati mwa chogwirira, yendetsani lumo pa lamba kangapo kuti mbali yakuthwa iume, ndipo mulisunge kunja kwa bafa, pamalo ouma amene ana sangafikepo. M'nyengo ya dzinja, kapena ngati simulimetera kwa masabata angapo, lipakeni kadontho ka mafuta a makina osokera. Potseka, yang'anani kuti chitsulo chikulowa pakati penipeni pa chogwirira osagunda m'mbali.

Lumo si lobwerekana, ngakhale ndi mbale wanu wa bere limodzi. Magazi ochepa osaoneka ndi maso amatha kufalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C, ndipo bungwe la WHO limanena kuti kachirombo ka mtundu wa B kamatha kukhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku osachepera 7. Mukapita kwa wometa wogwiritsa ntchito shavette, muli ndi ufulu woona lezala latsopano likutsegulidwa inu muli pomwepo.

Pakapita miyezi ingapo, mudzaona kuti lumo layamba kukoka ndevu ngakhale mwalipukuta bwino pa lamba, ndipo imeneyo ndi nthawi ya mwala. Miyala yonolera malumo ndi yosalala kwambiri ndipo imadziwika ndi manambala: wa 1000 umakonza mbali yakuthwa imene yawonongeka, wa 4000 ndi wa 8000 imasalaza, ndipo wa 12000 ndi womalizira. Pa mwala, mosiyana ndi pa lamba, mbali yakuthwa ndiyo imatsogola, msana utagona pamwalapo ndipo madzi ali pamwamba. Lumo limene langoyamba kukoka limangofuna mwala wa 8000 kapena wa 12000, kupita ndi kubwera ka 10 kapena ka 20 popanda kukanikiza, kenako lamba. Mwala wonolera mipeni ya kukhitchini, tupa, kapena makina a onola zikwanje ndi nkhwangwa pamsika zimadya chitsulo chopyapyalacho ndi kuchitenthetsa, ndipo lumo lodutsa kumeneko nthawi zambiri silimetanso. Ngati miyala yoyenera mulibe, metani kaye ndi shavette mpaka mutapeza munthu amene amanola malumo ometera ndi dzanja.